Momwe mungaphunzitsire chipangizo cha pa thanki kudziwa kuchucha kwenikweni

Amene amanga kachipangizo koyang'anira madzi mu thanki, kaya pa sukulu, pa malo ogona alendo kapena pakhomo, kawirikawiri amagwa pa vuto limodzi. Sabata yoyamba kamatumiza SMS kangapo usiku umodzi kuti madzi akutayika. Mlonda amadzuka ndi tochi, n'kupeza mipope yonse ili yotseka. Mwini wake amatopa, n'kukweza malire ochenjezera kuti kakhale chete, ndipo usiku umene paipi yaphulikadi kamakhalabe chete mpaka thanki kuuma.

Malire oyenera simungawalote muli pa desiki. Chipangizocho chiyenera kuwaphunzira pa thanki yomweyo, koma chiphunzire kuchokera ku zinthu zotsimikizika zokha, ndipo chikhale ndi pothera. Malangizo awa ndi a zimenezo.

## Zofunika kukhala nazo

- ESP32 kapena Arduino, kakompyuta kakang'ono koyendetsa chipangizocho.
- Sensa yoyeza mtunda ndi phokoso. JSN-SR04T ndi yabwino chifukwa siopa chinyezi. HC-SR04 imachita dzimbiri msanga mkati mwa thanki.
- Sensa ya kutentha, monga DS18B20, yolendewera mu mpweya wa mkati mwa thanki.
- SIM800L, kachipangizo kotumizira SMS, pamodzi ndi SIM khadi yokhala ndi ma SMS. SIM800L imafuna magetsi a mavoti 3.4 mpaka 4.4, ndipo ikamatumiza imakoka mpaka ma ampu 2, choncho ipatseni magetsi akeake.
- Wotchi yosunga nthawi magetsi akazima, monga DS3231.
- SD khadi yolembapo miyeso.
- Tepi yoyezera, ndowa yodziwika kukula kwake, ndi munthu mmodzi wodalirika amene azikayang'ana thanki chenjezo likabwera.

Munthu womalizayu musamuone ngati wongowonjezera. Popanda iye theka la ndondomekoyi silingagwire ntchito.

## Kukonza muyeso

1. Sankhani chinthu chimodzi choyeza.

Mlingo wa madzi umakwera ndi kutsika tsiku lonse, ndiye pawokha sungakuuzeni za kuchucha. Yezani kuti madzi atsika mamilimita angati pa mphindi 10 zilizonse, kuyambira 10 koloko usiku mpaka 4 koloko m'bandakucha, pamene anthu agona. Usiku umodzi mupeza miyeso 36. Nambala imeneyi tiziitcha *kutsika*.

Dziwaninso kuti sentimita imodzi ndi malita angati. Thanki yozungulira yotambalala mamita 1.8 imasunga malita pafupifupi 25 pa sentimita iliyonse. Mpope wosiyidwa wotsegula, tinene wotulutsa malita 10 pa mphindi, utsitsa madzi ndi mamilimita 40 pa mphindi 10. Yezani thanki yanu ndi tepi, musadalire zolembedwa kunja kwake.

*Chenjezo:* pampu ikamadzaza thanki kapena madzi a mvula akamalowa, miyesoyo ilumpheni. Siikuuzani chilichonse cha kuchucha.

2. Yeretsani muyeso musanauphunzitse chilichonse.

Nthawi iliyonse yoyeza, werengani sensa maulendo 7, mukudikira mamilisekondi osachepera 60 pakati pake kuti phokoso loyamba lithe kubwerera m'makoma. Sanjani manambala 7 aja kuyambira laling'ono mpaka lalikulu, mutenge lapakati. Musatenge avereji. Dontho limodzi la nthunzi pa sensa likhoza kupereka masentimita 25 pomwe mtunda weniweni ndi 150, ndipo avereji imakokedwa ndi nambala yopengayo, pamene yapakati sisuntha n'komwe.

Kenako konzani za kutentha. Liwiro la phokoso mu mpweya ndi pafupifupi 331.3 + 0.606 × kutentha, m'mamita pa sekondi, zomwe zimapereka 343 pa madigiri 20. Usiku kukazizira phokoso limayenda pang'onopang'ono, limachedwa kubwerera, ndipo chipangizo chimaona ngati madzi atalikira. Kuzizira kwa madigiri 10, pa mtunda wa masentimita 150, kumanamiza ndi masentimita oposa 2 ndi theka. Amenewo ndi malita oposa 60 amene sanatuluke mu thanki.

*Chenjezo:* JSN-SR04T siona chinthu chimene chili pafupi kwambiri, cha m'ma sentimita 25 kutsika m'munsi. Ikwezeni kuti thanki ikadzaza mpatawo ukhalepo. Waya wa Echo umatulutsa mavoti 5 pomwe ESP32 imalandira 3.3, ndiye ikani ma resistor awiri ochepetsera.

3. Lembani miyeso milungu iwiri, osatumiza SMS ngakhale imodzi.

Ambiri amalumpha apa chifukwa chofuna kumva foni ikulira. Pirirani. Musanayambe, yendani mipope yonse ndi zimbudzi zonse, mukonze pochucha paliponse, chifukwa chimene chipangizo chione m'milungu iwiriyi chichitenga ngati chabwinobwino. Zikatha, tengani manambala awiri kuchokera pa SD khadi. Loyamba ndi *chizolowezi*, nambala yapakati ya kutsika konse. Lachiwiri ndi *kugwedera*, avereji ya mmene muyeso uliwonse watalikirana ndi chizolowezicho. Alembeninso pa pepala. Mudzawafuna.

## Kuphunzira malire

4. Lolani manambala awiriwo aziyenda pang'onopang'ono.

Njira yake ndi imene Van Jacobson anabweretsa mu 1988 yothandiza kompyuta kudziwa nthawi yodikira yankho pa intaneti, ndipo inalembedwa mu RFC 6298, chikalata cha malamulo a intaneti. Muyeso watsopano ukabwera, chitani izi motsatana (mizere | | ikutanthauza kusiyana kwa manambalawo popanda chizindikiro cha −):

kugwedera = kugwedera + (|kutsika − chizolowezi| − kugwedera) ÷ 32

chizolowezi = chizolowezi + (kutsika − chizolowezi) ÷ 32

malire = chizolowezi + K × kugwedera

Yambani ndi K = 4, monga momwe imachitira TCP, ndondomeko imene makompyuta amatumizirana nayo uthenga pa intaneti. TCP imagawa ndi 4 pa kugwedera ndi 8 pa chizolowezi chifukwa njira za intaneti zimasintha pa kamphindi. Thanki sisintha khalidwe choncho. Kugawa ndi 32 kumapangitsa chipangizo kukumbukira pafupifupi usiku wathunthu, ndipo ine ndingasankhe 64 pa malo amene anthu ake sasinthasintha.

Tinene chizolowezi ndi mamilimita 2, kugwedera ndi 3. Malire akhala 14, kutanthauza malita 35 pa mphindi 10. Mpope wotsegula uja wa mamilimita 40 uwadutsa kutali.

*Chenjezo:* K × kugwedera kusatsike kupitirira pomwe sensa yanu imatha kusiyanitsa, tinene mamilimita 5. Usiku wabata kugwedera kumatha kufika pafupi ndi ziro, malire n'kumatirira pa chizolowezi, ndiye kanthu kakang'ono kalikonse kamakhala mlandu. RFC 6298 nayo inaika pothera pamtunduwu. Ngati mukugwiritsa ntchito manambala opanda madesimo, samalani ndi kugawa ndi 32, chifukwa 20 ÷ 32 imapereka 0 ndipo chipangizo sichiphunzira kanthu. Gwiritsani ntchito float, mtundu wa manambala osunga madesimo.

5. Ikani chiwerengero chotsimikizira.

Muyeso umodzi wodutsa malire ndi mphekesera chabe. Khalani ndi kawerengero koyambira pa 0. Kutsika kukadutsa malire, onjezani 1. Kukabwerera pansi pa malire, chotsani 1 osapitirira 0. Kawerengeroko kakafika pa N, ndiye tumizani SMS.

N akhale angati? Werengerani, musangotola. Tiyerekeze kuti muyeso umodzi mwa 20 uliwonse umadutsa malire mwangozi. Pa miyeso 36, N = 1 ikupatsani machenjezo abodza pafupifupi awiri usiku uliwonse. N = 2 ikupatsani limodzi pa masiku pafupifupi 11. N = 3 ikupatsani limodzi pa masiku oposa 200. Koma N iliyonse yowonjezera ndi mphindi 10 zakudikira, ndipo pa mpope uja mphindi 10 ndi malita 100. N = 3 mwataya malita 300 mlonda asanadziwe. N = 6 mwataya 600, osapindula chilichonse chooneka. Pa thanki ya pa sukulu kapena pakhomo, 3 ndi pabwino. TCP nayonso imadikira mayankho obwerezabwereza atatu isanaganize kuti paketi, kachidutswa ka uthenga, yatayika.

Pali chifukwa china chimene kutsimikiza kumagwirira bwino pa muyeso wa kutsika. Sensa ikalakwitsa kamodzi, zimaoneka ngati madzi atsika kwambiri, kenako pa muyeso wotsatira zimaoneka ngati akweranso. Kuchucha kwenikweni sikubwerera m'mbuyo, kumangotsikabe.

*Chenjezo:* masamu ali pamwambawa amagwira ngati zolakwikazo n'zosalumikizana. Kangaude akamanga ulusi kutsogolo kwa sensa, kapena mphepo ikamagwedeza thanki ya pamwamba usiku wonse, miyeso yolakwika imabwera motsatana ndipo N = 3 siingaitchinge. Zimenezo zimafuna gawo 7. Musabwezenso kawerengero pa 0 chifukwa cha muyeso umodzi wabwino. Kuchucha kwa pafupi ndi malire kumadutsa, kuphonya, kudutsanso, ndipo mukamafufuta zonse simudzafika pa N.

6. Musaphunzire kuchokera ku muyeso wokayikitsa.

Apa ndi pamene zipangizo zambiri zimaonongekera, ndipo mwini wake sazindikira. Mpope ukasiyidwa wotsegula, kutsika kumakhala 40, 40, 40. Mukalowetsa manambala amenewa mu gawo 4, kugwedera kumakula, malire amakwera, ndipo pasanathe ola limodzi kapena awiri chipangizo chavomereza kuti 40 ndi zabwinobwino. Chaphunzira kuchucha komwe chimayenera kugwira.

Lamulo lake ndi ili: muyeso uliwonse wodutsa malire, ndi uliwonse wobwera kawerengero kali pamwamba pa 0, usaloledwe kukhudza chizolowezi kapena kugwedera. Usungeni pambali. Kawerengero kakabwerera pa 0 popanda SMS, itayeni miyesoyo. Kakafika pa N, isungeni mpaka munthu atayankha. Phil Karn ndi Craig Partridge anaika lamulo lofanana mu TCP mu 1987: paketi ikatumizidwa kawiri, yankho lake silidziwika kuti n'la ulendo uti, choncho nthawi yake siigwiritsidwa ntchito pophunzira.

Wina afunsa kuti, nanga ngati khalidwe la thanki lasinthadi, monga sukulu yalandira ana ogonera ndipo usiku akumatunga madzi? Chipangizo chidziwa bwanji pamene mwachiletsa kuphunzira? Chidziwa kudzera mwa munthu.

## Kutsimikiza kwa munthu

7. Funsani yankho pa chenjezo lililonse, ndipo werengani mayankhowo.

SMS ikhale yachidule ndipo inene chochita: "Madzi akutsika mamilimita 38 pa mphindi 10 kuyambira 01:20. Mukaona, yankhani 1 ngati akutayikadi, 2 ngati palibe vuto." Yankho 1 likabwera, tayani miyeso yosungidwa ija, malire akhale momwe analili. Yankho 2 likabwera, onjezani 1 pa kawerengero kachiwiri, ka machenjezo abodza.

Musakulitse malire pa yankho 2 loyamba. Mlonda akhoza kuyankha ali m'tulo osapita kukaona, kapena kuchuchako kuli pansi pa nthaka pomwe tochi siifika. Dikirani mayankho 2 atatu mkati mwa masiku 14, ochokera m'mausiku osiyana. Akakwana, onjezani 0.5 pa K, bwezani kawerengeroko pa 0, ndipo tumizirani mwini thanki uthenga woti malire akwera kuchoka pakuti kufika pakuti. Chipangizo chisasinthe malire mwakachetechete.

Ikani pothera: K asapitirire 6, asatsike pansi pa 3. Akafika pa 6 machenjezo abodza akubwerabe, vuto silili m'manambala. Kwerani mukaone sensa.

Kutsitsa K kukhale ndi ndondomeko yakeyake. Pakatha masiku 30 popanda chenjezo labodza, chotsani 0.25. Koma wina akapeza kuti madzi anatayika usiku chipangizo osalankhula, bwezani K pa 4 nthawi yomweyo, kapena pa 3 ngati anali kale pa 4 kapena pansi pake. Kuphonya kuchucha n'kodula kuposa kudzutsa munthu pachabe, ndiye umboni umodzi ndi wokwanira.

Kukula ndi kubwerera kotereku kulinso mu TCP.  

*Chenjezo:* kusayankha si yankho 2. SMS ikapanda kuyankhidwa, itumizeninso pakatha mphindi 30 ku nambala yachiwiri, ndipo musasinthe kanthu pa K. Landirani mayankho kuchokera ku manambala amene munalembetsa okha.

8. Ikani malire amene saphunziridwa.

Zinthu zina zisakhale zokambirana. Madzi akatsika masentimita 10 pa muyeso umodzi, yezaninso pakatha mphindi imodzi, ndipo zikakhala chimodzimodzi tumizani SMS osadikira N. Thanki ikatsala ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, nenani. Sensa ikalephera kuwerenga katatu motsatana, nenaninso, chifukwa chipangizo chakhungu chimakhala chete ngati chipangizo chokhutira.

Ogwira ntchito za katemera amalidziwa bwino lamulo limeneli. Furiji imayenera kukhala pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo tizipangizo tolemba kutentha kwa masiku 30 tovomerezeka ndi WHO timachenjeza kutentha kukapitirira 8 kwa maola 10 osalekeza, kapena kukatsika kufika pa −0.5 kwa mphindi 60. Muli kutsimikiza m'menemo, kwautali pa kutentha ndi kwakufupi pa kuzizira chifukwa katemera wina amaonongeka akangouma ndi chisanu, koma manambalawo sasuntha ngakhale furijiyo izolowere kutentha. Musayerekeze kuika malire ophunzira okha pa chinthu chotero.

9. Onjezani muyeso wa usiku wonse.

Kuchucha kwa mamilimita 5 pa mphindi 10 sikufika pa malire a 14, choncho gawo 6 silikutchinga ndipo chizolowezi chimakwera nako pang'onopang'ono. Komatu amenewo ndi malita 450 usiku umodzi, monga momwe chimachitira chimbudzi chogejemula chimene valavu yake yatha. Mankhwala ake ndi awiri. Choyamba, chizolowezi chisaloledwe kupitirira chija munalemba pa pepala ndi mamilimita oposa 2. Chachiwiri, 4 koloko iliyonse fananizani kutsika kwa usiku wonse ndi kwa milungu iwiri yoyamba ija. Kukaposa kawiri kwa mausiku 3 otsatana, tumizani uthenga m'mawa. Mamilimita 5 amabisala m'kugwedera kwa sensa, koma masentimita 18 a usiku wonse sangabisale.

10. Kutseka chenjezo kukhale ndi malire akeake.

Chenjezo lithe kutsika kukakhala pansi pa chizolowezi + 2 × kugwedera kwa miyeso 3 yotsatana. Mukagwiritsa ntchito malire amodzi potsegula ndi potseka, foni ilira n'kuleka, kulira n'kuleka, mpaka mayunitsi kutha.

11. Sungani zophunziridwa.

Magetsi akazima chipangizo chisayambirenso pa ziro. Sungani chizolowezi, kugwedera, K ndi kawerengero ka machenjezo abodza m'malo osafufutika magetsi akazima, omwe ndi Preferences pa ESP32 kapena EEPROM pa Arduino, kamodzi pa usiku, nthawi ya 4 koloko. EEPROM ya Arduino Uno imapirira kulembedwa maulendo pafupifupi 100,000 pa malo amodzi. Kulemba mphindi 10 zilizonse ndi maulendo 144 pa tsiku, ndipo sipangathe zaka ziwiri isanafike pamenepo. Magetsi akayakanso, tayani muyeso woyamba, chifukwa ukufananiza mlingo wa tsopano ndi wa maola angapo apitawo.

12. Yesani dala.

Usiku wina tsegulani mpope cha m'ma 11 koloko, muyang'ane wotchi. SMS ibwere pasanathe mphindi 40. Usiku wina tungani ndowa ziwiri n'kutseka, SMS isabwere. Kenako siyani mpope ukutuluka pang'ono mausiku atatu, madziwo akugwera m'mgolo kuti asatayike, muone ngati gawo 9 ligwira. Mukasintha K kapena N pa pulogalamu, yambani mwaiyendetsa pa kompyuta ndi miyeso yakale ya pa SD khadi, muwerenge kuti ikanalira kangati.

## Zolakwika zofala

Kulola K ndi N kusintha zonse nthawi imodzi. Chipangizo chikakhala chete simudziwa chachititsa ndi chiti. N mumusankhe inu potengera malita amene mungalole kutaya, ndipo akhale pomwepo. Pa awiriwa, chophunziridwa chikhale K yekha.

Kuwerenga machenjezo atatu a usiku umodzi ngati maumboni atatu. Usiku wamphepo ndi chochitika chimodzi ngakhale foni italira kasanu. Mukawerenga onse, K akwera chifukwa cha nyengo ya tsiku limodzi.

Kusakaniza masiku osafanana. Pa sukulu yogonera, usiku wa pa tchuthi ndi wa nthawi ya maphunziro n'zosiyana kwambiri. Sungani magulu awiri a manambala, ndipo wina azisintha ndi SMS sukulu ikatsegulira kapena kutseka. Mukapanda kutero malire amathina pa tchuthi, ndipo usiku woyamba ana atabwera mlonda sagona.

Kusuntha sensa osafufuta zakale. Mukaitsitsa, kuipukuta kapena kusintha thanki, bwererani ku gawo 3. Zimene inaphunzira zinali za malo akale.

Kupereka ntchito yoyankha kwa munthu amene sanafotokozeredwe. Mlonda akadziwa kuti kuyankha 2 kumatontholetsa foni, ndipo palibe amene anamuuza zotsatira zake, adzayankha 2 nthawi zonse, ndipo simungamudzudzule. Khalani naye pansi, mumuonetse malo ofunika kuyendera: mipope yakunja, zimbudzi, pansi pa thanki, ndi nthaka yonyowa m'mbali mwa paipi. Muuzeni kuti akakayika asayankhe kanthu, aimbe foni m'mawa. Mayunitsi oyankhira mumugulire inu.

Kusayang'ana mbiri ya K. Kamodzi pa mwezi tsegulani SD khadi muone mmene K ndi chizolowezi zayendera. K akamangokwera mwezi ndi mwezi pomwe palibe chasintha pa malopo, kwerani makwerero ndi nsalu youma, mutsegule chivundikiro. Kawirikawiri mupeza nthunzi yamatirira pa sensa, ulusi wa kangaude, kapena waya umene wayamba kuchita dzimbiri polumikizira.